Maola 20 a bwana wachiwiri

Mu 2022 ndi 2023, nkhani iliyonse ku Sakubva, komboni yakale ya mu mzinda wa Mutare, inkathera ku UK. Pa 15 February 2022 boma la Britain linalola kuti osamalira okalamba ndi odwala ochokera kunja azipatsidwa viza ya antchito aluso, ndipo mbiri yake sinachedwe kufika ku chigawo cha Manicaland, kumene kuli Mutare. Aphunzitsi, makalaliki, amayi ogulitsa kaunjika wolowera pa chipata cha Forbes, onse anayamba kulembetsa maphunziro othandizira anamwino ku Red Cross, kukwera basi ya ku Harare kukayezetsa TB ndi kukalemba mayeso a Chingerezi. M'chaka chimodzi chokha anthu a ku Zimbabwe opitirira 20,000 analandira viza ya Health and Care Worker. Amene anawaposa ndi a ku India ndi a ku Nigeria basi. Mu mzinda umene mafakitale ngati Karina Textiles ndi Mutare Board and Paper Mills anatseka kale zitseko, palibe amene anadabwa.

Ena mwa opitawo anali zidzukulu za anthu a kwathu, aja anabwera kuchokera ku Nyasaland pa Mthandizi kapena wapansi podzera ku Tete, nkukhazikika m'migodi ya ku Penhalonga, m'minda ya tiyi ku Honde Valley ndi ku njanji ya ku Beira. Agogo amenewo ankayenda ndi chitupa cholembedwapo dzina la bwana, ndipo pansi pa lamulo la Masters and Servants la 1901 kuchoka pantchito kontirakiti isanathe unali mlandu wogwidwa nawo ndi apolisi. Viza ya antchito aluso ya ku Britain si chitupa, ndipo palibe amene amamangidwa chifukwa chosiya ntchito. Koma mfundo imodzi ndi yomweyo: chilolezo chako chokhala m'dzikomo chimangiriridwa kwa bwana mmodzi, pa ntchito imodzi.

Mayi amene ndikufotokoza pano sindimutchula dzina, chifukwa zimene zinamuchitikira zachitikira ambiri, ndipo ndaziphatikiza pa munthu mmodzi kuti njira yake ioneke bwino. Anali ndi ana awiri, mayi ake okalamba amene amalankhulabe Chichewa cha ku Dedza, ndi tebulo la zovala pa msika. Chikalata chimene chimatsegula khomo, chotchedwa CoS, anachipeza kudzera mwa munthu wa pa WhatsApp. Chikalatachi amapereka ndi bwana amene ali ndi laisensi ya Home Office, unduna wa ku Britain woona za maviza, ndipo nthawi imeneyo chinkadya mapaundi osafika 250. Iye analipira madola masauzande angapo. Puloti ya banja ku Dangamvura inagulitsidwa, amalume ake anaikapo ng'ombe ziwiri, zotsalazo anatenga katapila. Pa chikalatacho panalembedwa bwino lomwe: maola 37 ndi theka pa sabata, mapaundi 10.75 pa ola, kutanthauza mapaundi 20,960 pa chaka. Anawerengera pa kope kuti ngongole idzatha pomafika Khirisimasi.

Anatera ku England mu May 2023. Kampaniyo inali ya anthu oyenda nyumba ndi nyumba kukasambitsa, kudyetsa ndi kumwetsa mankhwala okalamba. Ofesi yake inali kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu, ndipo anthu amene inawaitanitsa kuchokera ku Africa anali ochuluka kuposa okalamba amene inali nawo. Sabata yoyamba panalibe ntchito. Yachiwiri anamupatsa maola 9. Kenako zinakhazikika pa maola 12, mwina 15 sabata ikakoma, odukaduka: theka la ola m'mawa kwa agogo awa, theka lina masana kwa agogo ena kutsidya la tauni, nthawi ya pa basi osaiwerengera. Maola 12 pa mtengo uja ndi mapaundi 129. Lendi ya chipinda ankalipira kwa munthu wogwirizana ndi kampani yomweyo. Viza imeneyi imaletsanso kulandira chithandizo cha boma, choncho munthu akasowa, wasowa.

Amene anamuonetsa potulukira ndi mayi wina wa ku tchalitchi.

"Sisi, musamangokhala nkumadikira foni ya anthu aja. Lembetsani ku ejensi. Mashifiti ausiku ali mbwee."

"Nanga viza imalola?"

"Imalola. Tonse tikugwira. Malire a maola anachotsa."

Mayi wa ku tchalitchiyo sankanama. Chaka chimenecho boma linali litachotsa kwa kanthawi malire a maola a ntchito yachiwiri kwa anthu a viza ya Health and Care Worker ogwira ntchito za umoyo ndi chisamaliro, pofuna kuchepetsa kusowa kwa antchito. Kanthawi kameneko kanatha pa 27 August 2023. Amene anafika m'miyezi imeneyo anaphunzira lamulo pa nthawi imene linali lomasuka, nkuligwiritsitsa chomwecho. Mayi wathu anayamba ndi usiku uwiri pa sabata ku nyumba yosungira okalamba, kenako utatu, kenako unayi. September anafika, October anadutsa, palibe kalata imene inabwera, palibe amene anamufunsa kanthu. Ndalama zinayamba kufika ku Mutare kudzera pa Mukuru mwezi ndi mwezi.

Tiyeni tione lamulo lenilenilo, chifukwa anthu amalinena theka. Munthu wa viza ya antchito aluso amaloledwa kugwira ntchito ina yowonjezera popanda kupempha chilolezo, koma pali zinthu zimene ziyenera kukwanira zonse pamodzi. Ntchitoyo isapitirire maola 20 pa sabata. Ichitike kunja kwa maola a ntchito ya pa CoS. Ikhale ya mtundu wololedwa, ndipo mndandanda wa mitunduyi wakhala ukusinthidwa, mu April 2024 ndi mu July 2025, kotero zimene mnzako anauzidwa chaka chatha sizingakhale zako lero. Ndipo chimene ambiri amachiiwala: munthuyo akhale akugwirabe ntchito kwa bwana amene anamuitanitsa. Maola 20 aja si ufulu woima paokha. Amatsamira pa ntchito yoyamba.

Nambala ya 20 nayonso ili ndi msampha wake. Shifiti ya usiku m'nyumba zosungira okalamba kawirikawiri imakhala ya maola 12. Umodzi uli mkati mwa lamulo. Uwiri ndi maola 24, ndiye kuti waphwanya kale. Sabata imawerengedwa kuyambira Lolemba, iliyonse payokha. Kupuma sabata ino sikukupatsa maola 40 sabata yamawa. Maolawo amaphatikiza mabwana onse owonjezera, kotero kulembetsa ku maejensi atatu nkumagwira maola 15 kulikonse sikubisa kanthu, ndipo kabizinesi kako kapadera kamawerengedwa momwemo. Wofuna kupitirira maola 20 ayenera kupeza CoS yachiwiri kwa bwana wachiwiriyo, amenenso akhale ndi laisensi, nkupempha Home Office kuti isinthe viza yake asanayambe. Pamene kwa bwana wako wa pa CoS, ovataimu ilibe malire a viza. Izi zikutanthauza kuti munthu wa bwana wabwino angathe kugwira maola 60 pa sabata ali mkati mwa lamulo, pomwe munthu wa bwana wachinyengo amaphwanya lamulo atagwira 36.

Amalume ake, atamva mmene zinathera, anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Ndimawalemekeza amalumewo, koma mwambiwu pano ukumunamizira mdzukulu wa anthu. Umanena za munthu wadyera, wosakhazikika mtima, wothamangira uku ndi uku. Mayiyu sanachoke m'phanga louma. Phanga lake loyamba linalibe denga kuyambira tsiku loyamba, ndipo lamulo linkamuuza kuti akhale momwemo, lachiwirilo azingolowetsako mutu. Apa ndi pamene ndimaona kuti lamuloli ndi lankhanza: limamasuka kwa amene sakulifuna kwenikweni, nkumanga amene alibe pothawira. Koma kunena kuti lamulo ndi lankhanza sikulichotsa. Wogwira ntchito ku Home Office akamatsegula failo, saona puloti ya ku Dangamvura. Amaona maola.

Ndipo tisawaiwale otsala kumudzi, chifukwa nafenso tili ndi mbali m'nkhani zotere. Foni za Lamlungu zinkayenda motere.

"Mwana wanga, wa katapila uja anabweranso dzulo. Wakhala pakhomo mpaka dzuwa kulowa."

"Amayi, ndatumiza sabata yatha."

"Zija zinapita ku fizi. Komanso achimwene ako akuti uwaganizireko za pasipoti. Ndiwe wekha tikuyang'ana."

"Ndamva, amayi. Ndiwonjezera mashifiti."

Palibe woipa pa foni imeneyi. Mayi wokalambayo sankadziwa kuti "kuwonjezera mashifiti" ndi mlandu. Ku Sakubva anthu ankangodziwa kuti mwana wa uje, amene anapita mwezi womwewo, wamanga kale mpanda ku Chikanga. Ndi ochepa amene anafunsa kuti mpandawo wamangidwa ndi maola angati, olembedwa m'dzina la ndani. Ndi ochepanso a ku UK amene amanena zoona akamaimba foni kwawo. Manyazi amawatseka pakamwa, ndipo chithunzi chojambulidwa pa chipale chofewa chimalankhula m'malo mwawo.

Pofika kumayambiriro kwa 2024 kampani yoyamba inali itasiyiratu kumuitana, iyenso anasiya kuifunsa. Anali akugwira maola 48 pa sabata ku ejensi, misonkho ikudulidwa bwinobwino, ndipo zimenezo zinkamulimbitsa mtima kuti ali pa chilungamo. Koma payslip iliyonse inali umboni womutsutsa. Ku Britain bwana aliyense amatumiza malipiro a wantchito ku bungwe la misonkho la HMRC nthawi iliyonse akamalipira, pa nambala ya National Insurance ya munthuyo, ndipo Home Office imatha kufananiza zimenezo ndi zolembedwa pa CoS. Zake zinkaoneka poyera: kwa bwana wa pa viza palibe khobidi, kwa bwana wina malipiro a ntchito yathunthu. Ena pothawa zimenezi amagwira ntchito yolandira ndalama pamanja kapena m'dzina la mnzawo, osadziwa kuti akusinthanitsa mlandu waung'ono ndi waukulu. Lamulo la Immigration Act la 2016 linaika kugwira ntchito imene viza yako siilola, ukudziwa, kukhala mlandu umene ungafikitse munthu kundende ndi kulandidwa malipiro.

Sanagwidwe ndi apolisi. Zinthu izi kawirikawiri sizibwera ndi galimoto ya sairini. Pa 13 February 2024 chindapusa cha bwana wolemba munthu ntchito mosaloledwa chinakwera kufika mapaundi 45,000 pa wantchito mmodzi, ndi 60,000 kwa wobwereza. Maejensi amene ankatsinzina anatsegula maso. Patapita miyezi ingapo ejensi yake inayamba kufunsa aliyense wa viza kalata yochokera kwa bwana wake, yonena kuti akugwirabe ntchito ndi maola ake. Iye anaimba foni ku kampani ija, osayankhidwa. Anapita ku ofesi ija, nkupeza chikwangwani chitachotsedwa. Ejensi inamuchotsa pa mndandanda tsiku lomwelo, mwaulemu ndithu, nkumufunira zabwino.

Kampaniyo inali imodzi mwa zimene zinalandidwa laisensi. Boma la Britain linanena kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda malaisensi opitirira 470 m'gawo la chisamaliro, ndipo antchito opitirira 39,000 anali atadutsa m'manja mwa mabwana amenewo. Laisensi ikalandidwa, Home Office imalembera wantchito kuti viza yake yafupikitsidwa, ndipo kawirikawiri amapatsidwa masiku 60 oti apeze bwana wina wa laisensi kapena atuluke m'dziko. Kalatayo ingathe kuchedwa miyezi, ndipo ambiri amaona kuchedwako ngati chikhululukiro. Yake inabwera pa imelo kumayambiriro kwa 2025, atakhala kale miyezi akugona pa sofa ya mayi wa ku tchalitchi uja ndi kudya za ku malo ogawa chakudya kwa osowa.

Mwayi unaoneka ngati wabwera. Nyumba yosungira okalamba imene ankagwirako usiku inkamudziwa kuti ndi wakhama, inali ndi laisensi, ndipo mkulu wake anati amupatsa CoS. Koma pa fomu yopemphera viza pali funso loti kodi unaphwanyapo malamulo a chilolezo chako, mwachitsanzo kugwira ntchito yosaloledwa. Funsoli lili ndi mano mbali zonse. Ukavomera, malamulo amapatsa wogwira failo mphamvu yokana pempho lako. Si lamulo kuti akane, koma angathe. Ukakana pamene zolemba za misonkho zikunena zina, walowa mu mlandu wa chinyengo, umene ungatseke khomo la Britain mpaka zaka 10. Nyumbayo itaunika mabuku ake inapeza chinanso: maola 48 aja anagwiridwa pansi pa denga lake lomwe. Kumuitanitsa kunali ngati kuitana Home Office kuti idzawerenge zimenezo. Mkulu uja anamuimbira foni nkunena kuti akuluakulu akana. Masiku otsala anali osakwana 20.

Funso limene anthu amafunsa apa ndi loti nanga akanatani, adye chiyani? Yankho lake si lokoma, koma lilipo. Nthawi yothawa bwana wosapereka maola ndi mwezi wachiwiri, pamene mbiri yako ili yoyera, osati chaka chachiwiri. Viza imalola kusintha bwana: upeze wina wa laisensi, akupatse CoS yatsopano, upemphe viza yatsopano, uyambe ntchito ikavomerezedwa. Mndandanda wa mabwana a laisensi uli poyera pa intaneti ya boma, ndipo ku England ofuna kuitanitsa osamalira okalamba ayenera kukhala olembetsedwa ku Care Quality Commission. Kupeza bwana wotere nkovuta, sindikukana, koma mphamvu zimene mayiyu anathera pa usiku wachitatu ndi wachinayi zikanapita ku kusakako. Akanasunganso umboni: uthenga uliwonse wopempha maola, ndandanda ya ntchito ya sabata iliyonse, kontirakiti, malisiti a ndalama zimene anapereka kwa munthu wa pa WhatsApp. Bwana amene walemba maola 37 ndi theka pa CoS nkumapereka 12 ndiye woyamba kuphwanya lamulo, ndipo mabungwe a antchito ngati Unison, komanso a Citizens Advice, akhala akuthandiza anthu pa milandu yotereyi. Uphungu wa za viza ufunsidwe kwa loya kapena mlangizi wovomerezedwa ndi Immigration Advice Authority. Mayi wa ku tchalitchi ndi wabwino pokupatsa pogona, koma iye amadziwa lamulo la chaka chimene anafika.

Palinso amene sanagwidwebe, ndipo mwina ndi ochuluka kuposa ogwidwa. Iwowa amayembekezera kupempha chilolezo chokhazikika akatha zaka zisanu, ndipo pa nthawi imeneyo ndi pamene mbiri yonse ya malipiro imayalidwa pa tebulo. Mu May 2025 boma linalengeza maganizo okweza zakazo kufika 10. Munthu amene anapitirira maola 20 kwa miyezi ingapo mu 2023 nkusiya ali pabwino kuposa amene akupitirizabe sabata ino, ndipo onse awiri ali pabwino akakaonana ndi loya fomu isanawapeze.

Mayi wathu anasankha kutuluka masiku 60 asanathe, chifukwa kupitirira pamenepo kukanawonjezera mlandu wokhala m'dziko popanda chilolezo. Tikiti anamusonkherera anzake. Anataya zambiri kuposa ntchito. Pa 11 March 2024 boma linaletsa osamalira okalamba atsopano kubweretsa ana ndi amuna kapena akazi awo, koma amene anali kale pa vizayo, ngati iye, anasungiridwa ufuluwo malinga akhalebe pa njira yomweyo. Ana ake anali atayamba kale kuuza anzawo kusukulu kuti akupita. Anabwerera pa tebulo lake la kaunjika, limene mng'ono wake ankalisunga, ndipo gawo la katapila likadalipo, lowerengedwa m'madola a ku America chifukwa wobwereketsa safuna kumva za ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe.

Maganizo oti adzayesenso anatha pa 22 July 2025, tsiku limene Britain inasiya kupereka viza kwa osamalira okalamba opempha ali kunja kwa dzikolo. Amene ali kale mkati angathe kuwonjezera nthawi kapena kusintha bwana mpaka July 2028. Wa ku Mutare, ku Lilongwe kapena ku Chipata sangalowenso pa khomo limeneli, ngakhale atakhala ndi satifiketi ya Red Cross ndi mayeso onse. Nambala ya munthu wa pa WhatsApp ija ikugwirabe ntchito, ndipo achimwene ake a mayiyu, aja a pasipoti, analandira uthenga wochokera kwa iye wonena kuti pali ma CoS atatu otsala, mtengo watsitsidwa, dipoziti ifike Lachisanu.